Tsiku Limene Anatibisa M'chinangwa

Sukulu ndinayamba mochedwa, nditalera kale azing'ono anga atatu, moti m'kalasi ndinkaoneka ngati mayi wa anzanga. Apo n'kuti boma litalamula kuti ana opitirira msinkhu asamakhale m'makalasi oyambirira. Pepala la kubadwa kwanga kunalibe. Amayi ankangoti ndinabadwa chaka cha dzombe, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kunabwera uthenga woti woyendera sukulu wa boma adzatsika sitima pa Nkaya Lachitatu. Sabata yonse tinakhalira kuzira m'kalasi, kusesa, kupaka laimu miyala ya m'njira. Ine chimwemwe chinandisowetsa mtendere. Masamu anali anga, ndipo ndinkafuna munthu wochokera ku Zomba adziwe zimenezo.

Lachitatu m'mawa aphunzitsi anatiitana ife ataliatali awiri, ine ndi mtsikana mnzanga wa benchi imodzi.

"Inu lero mukakhale m'chinangwa kuseriku," anatero. "Akakuonani akufufutani m'kaundula, sukulu yathera pomwepo. Mwamva?"

Tinakanyonyomala m'chinangwa chomwecho, pansi penipeni pa zenera. Woyendera uja anafika pa njinga, bambo wamfupi wa kabudula wa khaki, n'kuyamba kufunsa ana. Ngolo zitatu, iliyonse yanyamula matumba a thonje khumi ndi anayi, onse pamodzi angati? M'kalasi munangoti zii. Anabwereza, koma ziii yemweyo. Ine yankho linkandiyabwa pakhosi. Mnzanga ananditsina pantchafu, koma pakamwa panga sipanamverepo munthu chibadwire.

"Makumi anayi kudza awiri," ndinatero, mokweza ndithu.

Mutu wa bambo aja unatulukira pazenera. "Kani chinangwa cha kuno chimadziwa masamu? Talowani, mayi."

Mnzanga anali atagona chafufumimba m'masamba, sanamuone. Ndinalowa, aphunzitsi thukuta lili kamukamu. Bambo aja anandipatsa choko ndi masamu asanu pabolodi. Ndinakhoza onse. Anandipatsa buku, ndinawerenga mpaka anachita kundiletsa.

"Zaka muli nazo zingati?"

"Ndinabadwa chaka cha dzombe, bambo."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka anati kalasi ino ndaikuliradi, lamulo sangalipinde, koma mutu wanga waikuliranso. Analemba kalata yoti andidumphitse makalasi awiri, ndikapitirize ku sukulu ya mishoni ku Balaka. Ndinkangofuna kuthamanga kukauza amayi.

Akupinda kalatayo anandifunsa, "Munalipo angati kunjako?"

Ndinayang'ana aphunzitsi, iwo anayang'ana pansi.

"Ndinali ndekha, bambo."

"Palibenso wina?"

"Palibe."

Ndinkayesa ndikumupulumutsa mnzanga. Ndinathamanga ulendo wonse wa kumudzi kalata ili m'manja, sileti nditaiwala pabenchi.

Mwezi usanathe, aphunzitsi anamufufuta okha mnzanga uja m'kaundula poopa ulendo wina wa boma, ndipo mvula isanagwe anakwatiwa ku Chikweo. Zimandipweteka mpaka lero, chifukwa masamuwo ankandiphunzitsa ndi iyeyo.