Chikho cha a Zelig Chasowa Mwana

A Zelig Korn anali okonza mawotchi, koma m'tauni yathu ya migodi tinkawadziwa ndi chikho. Lachisanu lililonse madzulo, mapemphero olandira Sabata akatha, ankaima kutsogolo m'sunagoge, n'kukweza chikho chasiliva cha vinyo, n'kuimba kidushi, dalitso lopatula tsikulo. Mawu awo anali osasa ngati chitseko chosowa mafuta, koma tinawazolowera.

Vinyoyo sankamwa iwo. Lamulo limati wamkulu adalitse ndi kumwa pamalo pomwe adyere chakudya, ndipo tonsefe tinkakadyera kwathu. Ndiye chikho chinkapita kwa mwana, poti lamulolo silikhudza ana. Mwambowu anauyambitsira alendo akale osowa kolowera, amene ankadya ndi kugona m'sunagoge momwemo. Alendowo anatha kalekale, mwambo n'kutsala.

Ndili mwana tinkachita kukankhana polimbirana chikhocho. "Pang'onopang'ono, anyani inu!" ankatero a Zelig, nkhope ili gwa, koma aliyense ankalawako.

Migodi itatsekedwa, mabanja anayamba kusamukira ku Melbourne. Ana a a Zelig anapita nawo, kenako a Rivke, akazi a a Zelig, anamwalira. Tinatsala madala okhaokha, amuna asanu ndi anayi, pomwe mapemphero a gulu amafuna khumi. Mwana anatsala mmodzi, Dovi, mdzukulu wa mayi wina wamasiye, ndipo chikho chinali chake yekha.

Dovi atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu tinavina ndithu, mawondo akulira. Mwa chilamulo chathu tsopano anali mwamuna, wachikhumi wathu. Zopusa zake, palibe mmodzi wa ife anaganiza za chikho.

Lachisanu lotsatira a Zelig anathira vinyo, n'kumukodola mnyamatayo monga mwa masiku onse. Dovi anabisa manja kumbuyo.

"Agogo, ine ndakula."

Amene anayamba kulankhula anali a Leibush, ogulitsa nyama opuma ntchito, mnzawo wa a Zelig wokangana naye kuyambira unyamata.

"Ingogugudani nokha, akulu, alipo rabi wina amene amalola. Apo ayi tisiye, ku Yerusalemu komwe sachita zimenezi. Mukudalitsira alendo ake ati? Ntchentchezi?"

"Inu mwakhala rabi liti?" anatero a Zelig. "Dzulodzuloli mumagulitsa chiwindi."

"Nanga mwana mumutenga kuti? Mubereka?"

Palibe anaseka. A Zelig anayang'ana mabenchi mmodzimmodzi, ngati mwina wina wabisala kunsi, kenako anabwezera vinyo m'botolo. Tsiku limenelo kidushi sinamveke. Ine ndinapita kunyumba mtima uli thi, chakudya osachimva kukoma.

Sabata yotsatira ndinalawirira. Ndinawapeza a Zelig pakona pamene ana ankaphunzirira kale, atayala nsalu yoyera pa katebulo kotsika. Anali atabweretsa mabuledi awiri oluka, nsomba yamchere ndi mbale imodzi, dzuwa lisanalowe. Mapemphero atatha anakweza chikho, n'kuimba dalitso lonse osaphonya liwu, n'kumwa okha mpaka pansi.

"Zimenezi ndiye ziti?" anafunsa a Leibush.

"Paja mumafunsa za alendo," anayankha a Zelig, akudziloza pachifuwa. "Mlendoyo ndi uyu. Adyera pompano. Kunyumba kuja ndikadya ndi ndani?"

A Leibush anavala chipewa bwinobwino n'kutuluka.

Chaka chisanathe Dovi anapita kusukulu ku Melbourne, tinabwereranso pa asanu ndi anayi. Sindinama, ndilibe chiyembekezo choti m'nyumba imeneyi mudzamvekanso phokoso la mwana. A Zelig akadali pakona pawo Lachisanu lililonse, atakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, akudula buledi.

Tsiku lina zinandipweteka kwambiri, ndinawagwira mkono. "Bambo, tiyeni kwathu. Mayi akunyumba aphika nkhuku, malo alipo."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula zachibwana.

"Ndikapita kwanu, mwanawe, chikhochi amwa ndani?"