Mpunga wa Pansi pa Makoka

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, koma kwathu ku Liwaladzi tinali ndi magulu awiri okangana monong'ona. Ena ankati mpunga tizigulitsa kumsika wa boma monga lamulo linkanenera. Ena ankati mtengo wa boma ndi kuba kwa masanasana, bola kupita nawo kwa ogula amseri ku Nkhotakota. Wotsogolera gulu lachiwirili anali achimwene anga, a bere limodzi. Pakamwa anali napo. Ndiwo anatiphunzitsa kuyala matumba m'bwato n'kuvundikira makoka pamwamba, kuti anyamata a chipani aziyesa ndi ulendo wa nsomba.

Amuna anga sankafuna. Anali ochokera kumpoto, ndipo ankadziwa kuti mlandu wa mlendo suchedwa kukula. Achimwene ankawaseka: "Alamu, manthawa ana adzavala?" Anagonja chifukwa cha ulemu basi.

Tinachita zimenezo kwa zaka zingapo, ana n'kumapita kusukulu atavala. Kenako wapampando wa nthambi ya chipani anamwalira, achimwene n'kuufuna mpandowo. Opikisana nawo anayamba kufalitsa kuti munthu wonyoza mitengo ya boma sangatsogolere anthu. Pamsonkhano ndinamva achimwene akutamanda msika wa boma ngati anaumanga okha. Ndinaseka chamumtima. Ndinkati akuwaphimba m'maso.

M'mawa mwake anatsikira kugombe ndi anyamata a chipani aja. Mabwato anali ndandanda, ndipo ambiri anali ndi mpunga pansi pa makoka. Achimwene ankawadziwa onse. Anawadutsa, n'kukaima pa lathu. Makoka anavundukula okha, ndi manja awo.

Mpunga unapita, bwato linapita, amuna anga anawakweza galimoto. Aboma anati ndi woukira, wosokoneza chuma cha dziko, chonsecho anali munthu amene ngakhale nkhuku ankachita kupempha mnzake kuti amuphere. Achimwene mpando anaupeza.

Ndinapsa mtima mpaka chakudya chinkandikanika. Mpunga wolandidwa ndikanaiwala, timalima chaka ndi chaka. Koma ana ankafunsa za bambo awo, ndipo kundende sankatiuza n'komwe kuti ali kuti.

Patapita miyezi ndinawapeza achimwene pakhonde pawo, atavala malaya atsopano. Ndinagwada monga mwa mwambo, n'kufunsa chifukwa chake anasankha bwato lathu pakati pa onse aja.

Sanachite manyazi. Anayankha mofatsa, ngati akundilangiza.

"Mlongo wanga, unaona wekha, pamafunika ndiloze munthu. Ndikanaloza mwana wa mudzi uno, abale ake akanandidya wamoyo. Koma alamuwa kuno alibe wowalirira."

Ananena zimenezo akundiyang'ana ine m'maso.