Wotchi ya a Chidindo

Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito mu ofesi yopereka ziphaso, a Chidindo sanasainepo chikalata. Kusaina kunali kwa mabwana a m'chipinda chapamwamba. Iwo yawo inali kudinda basi, ndipo dzina lawo lenileni linafera pomwepo. Munthu ankatha kupeza siginecha ya bwana wamkulu, ya wachiwiri wake, ngakhale ya mlembi, koma pepala lake linali pepala wamba mpaka litafika pa zenera lomaliza. Pamenepo dzanja lamanja la a Chidindo linkakwera m'mwamba, kutsikira pa inki, kukweranso, n'kugwera papepala: phi! Tsamba lililonse katatu, poti boma silikhulupirira chinthu chimene lachinena kamodzi kokha.

Pa mkono womwewo panali wotchi. Anzawo amavala wotchi kumanzere, koma iwo ankavala kumanja kuti aliyense wa pamzere aione ikamakwera ndi kutsika. Inali yolemera, ya lamba wachitsulo, mivi yake yowala ngati singano zatsopano. Anaigula atangokwatira kumene, m'sitolo ya magalasi okhaokha imene mlonda wake ankayamba wayang'ana nsapato zako asanatsegule chitseko. Ndalama zake anali atasungira njinga yamoto. Mpaka lero akazi awo, amene ndi atelala, akafuna kudziwa nthawi amangoti, "Bambo, njinga yathu ikuti bwanji?"

Wogulitsa anawauza kuti wotchiyo siifuna batire, siifunanso kupotokola kanthu. "Iyi imayenda yokha, bwana." Iwo sanafunse zambiri. Munthu wa boma safunsa chifukwa chimene chinthu chikuyendera, amangothokoza kuti chikuyenda.

Pakapita zaka zingapo wotchi inkabwerera kusitolo kuja kukamwa mafuta. Mwezi umenewo ana ankaiwala kukoma kwa shuga.

"Dontho limodzi la mafuta!" ankatero mayi aja, uku akupukusa makina awo. "Angawa ndimawathira ndekha, ndipo amatidyetsa."

"Makina anuwo amadziwa nthawi?"

"Amadziwa nthawi ya fizi."

Wotchiyo sinaimepo, ndipo eni ake sanapitepo kutchuthi, poopa kuti wogwirizira angadinde mopendeketsa. Atakwana zaka zopuma, ofesi inawachitira phwando la zakumwa zoziziritsa kukhosi, bwana wamkulu nawayamika pa dzina la munthu wina. Anabwerera kunyumba, nakhala pa mpando wa pakhonde, manja ali pamaondo, kuyang'ana odutsa. Sabata isanathe, wotchi inaima.

Anavala jekete n'kupita kusitolo ya magalasi ija. Anapeza mukugulitsidwa mafoni. Mtsikana wa pakauntala anafufuza dzina la wotchiyo pafoni yake, nawauza kuti kampani imeneyo inatsekedwa kalekale, ngakhale kwawo kumene inkapangidwako.

"Inatsekedwa ndi ndani?" anafunsa a Chidindo. "Chilolezo chotsekera anawapatsa?"

Wokonza mawotchi wa pakhonde la positi ofesi anaitembenuza kawiri n'kuibweza ngati ikuotcha. Anati zitsulo zake sizipezekanso, ndipo iye sangaitsegule. Alipo mkulu wina kunja amene amazikonzabe, koma potumiza, pokonza ndi pobweza, mungagule njinga yamoto n'kutsala ya chipewa chake.

Nkhani itafika kwa mkamwini wawo, amene amagulitsa magalimoto ndipo chilichonse amachiona ngati chogulitsa, anabwera akumwetulira.

"Bambo, musadandaule. Kampani ikafa, mawotchi ake amakwera mtengo. Ndili ndi munthu amene amatolera zoterezi, ngakhale zoima."

"Ngati wantchito wa boma," anatero mayi aja. "Amamutamanda atagona."

Banja linagwirizana: wotchi ikapanda kudzuka pofika kumapeto kwa mwezi, igulitsidwe, mayi agule makina amagetsi. A Chidindo ankaivalabe ili chiimire, atakokera mkono wa malaya kuti ibisike. Munthu akawafunsa nthawi ankayang'ana dzuwa.

Masiku omwewo penshoni yawo inavuta. Ofesi ya penshoni inati failo yawo ili ku ofesi yawo yakale. Ofesi yawo yakale inati munthu wa dzina la pafailolo sanagwirepo ntchito kumeneko, amene akumudziwa ndi a Chidindo. Atabwerera ndi umboni woti iwo ndi iwo, kalaliki wa penshoni anaukana chifukwa chidindo chake chinali chopendekeka. Tsiku lonse anakwera ndi kutsika masitepe, akugwedeza failo m'mwamba, akumenya makauntala ndi chikhatho. Madzulo, ali m'basi, anamva kanthu pamkono: tiki, tiki, tiki.

Analowa m'nyumba mkono uli patsogolo.

"Mayi! Yadzuka! Inangosowa mpweya wa boma!"

Kuyambira pamenepo ankapita kuofesi ya penshoni m'mawa uliwonse, kukangana, n'kubwerako wotchi ikuyenda. Mwina m'mbiri ya ofesi imeneyo ndi iwo okha amene anakhumudwa failo itapezeka. Poti panalibenso chokanganira, anayamba kumangokhala pa benchi ya alendo, manja pamaondo, kuti wotchi ipume mpweya wake. Inaimira pomwepo, pansi pa chithunzi cha malamulo a kasungidwe ka nthawi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti wogula abwere, a Chidindo anakhala pabalaza. Chipindacho chinali chitadzaza mayunifolomu a sukulu amene akazi awo anayenera kupereka mawa lake, ena pamipando, ena pachingwe.

"Bambo a ana, maliro a wotchi tilira mawa. Panopa tagwirani nsimbiyo."

"Ine? Kusita?"

"Nanga manjawo mukusungira ndani? Boma linabweza."

Anaima pa tebulo, nayala malaya oyamba, nakonza kolala kuti ilunjike. Kutsetsereka kwa nsimbi sankakudziwa. Anaikweza m'mwamba, naigwetsa: phi! Anaikwezanso: phi! Kachitatu: phi! Anaika malayawo kumanzere, natenga ena kumanja.

"Mundiphwanyira tebulo! Amasita chonchi?"

"Mayi, pa ntchito yanga musandiphunzitse."

Mulu utafika pakati, makina osokera anaima. Mayi aja anali akuyang'ana mkono wa amuna awo.

"Tapindani mkono wa malaya mwavalawo."

Muvi wa masekondi unali ukuzungulira. A Chidindo anaika nsimbi pansi, nayang'ana wotchi, kenako dzanja, kenako wotchinso. Anakumbukira masitepe ndi makauntala, benchi ya alendo ndi mpando wa pakhonde. Anagwedeza mkono pafupi ndi khutu, namva kanthu kakuzungulira mkati, kamene zaka zonsezi phokoso la chidindo linkakabisa.

"Ndiye kuti zaka zonsezi amaiyendetsa ndine," anatero pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti makina anga amagetsi apita," anatero mayi aja. "Mayunifolomu akadalipo kuchipinda."

Mawa lake mkamwini anafika ndi wogula uja, bambo wa suti yonunkhira, atanyamula kagalasi koyang'anira zinthu zing'onozing'ono. Anapeza apongozi ali pa tebulo, manja a malaya atapinda, nthunzi ili tolotolo.

"Bambo, mlendo uja ndi uyu. Tingaione wotchi yoima ija?"

"Imirirani pamzere," anatero a Chidindo osatukula mutu. Phi! Phi! Phi! Atapinda kabudula n'kumuika pa mulu, anatambasula mkono kuti mlendo aone, koma lamba sanamasule.

"Ikuyenda!" anatero wogula. "Anakukonzerani ndani? Kampani yake inatsekedwa."

"Kampani inatsekedwa, inde. Koma nthambi yake ino ikugwirabe ntchito."

Wogula anakweza mtengo, mkamwini anatsokomola, koma a Chidindo anali atatenga kale malaya ena. Alendo anatuluka.

Tsiku lina wotchiyo idzafunanso mafuta, ndipo iwo akudziwa kuti kuno woithira kulibe. Akuti za tsikulo adzaziona likadzafika ndi mapepala ake okwanira. Panopa amatsegula ntchito m'mawa, tayi ali pakhosi, ndipo chovala sichituluka pakhomopo asanachimenye katatu. Makasitomala amadandaula kuti mabatani ena amafika ophwanyika. Mayi aja amawasokeranso ena, n'kukuwa ali pa makina:

"Bambo, njinga yathu ikuti bwanji?"

"Ikuti mwachedwa ndi tiyi," amayankha a Chidindo, mkono uli m'mwamba.