Mizere Isanu, Nsambo Zisanu ndi Imodzi

A Jethro Kumwenda anafika ku Kambombo mu 1974 ndi akazi awo a Tryness, sutikesi imodzi ndi gitala. Anali mphunzitsi wochokera ku Kabwe, ndipo gitalayo ankaiimba ndi khutu basi, monga anaphunzirira ku komboni. Tsoka lawo linayambira pa fomu ya boma ya aphunzitsi. Pamene panafunsidwa za maluso ena, iwo analemba kuti "nyimbo", pokhulupirira kuti mafomu ochokera kutali chonchi sawerengedwa.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, wina anaiwerenga. Kunabwera kalata ya chidindo pamodzi ndi pepala la nyimbo: woyendera masukulu afika Lachisanu kudzamva katswiriyo akuiimba monga yalembedwera. Aliyense ankadziwa kuti wonama pa fomu ya boma amachotsedwa ntchito, n'kutulutsidwanso m'nyumba ya sukulu.

Papepalapo panali mizere isanu ndi timadontho ta michira, ngati ambululu padziwe. A Jethro anayang'anitsitsa masiku atatu, chakudya osalowa.

"Atate a Lena, ambululu anuwo akuyankhani?" anafunsa a Tryness.

"Mizereyi ndi nsambo za gitala, amake Lena. Kadontho kakakhala pamzere, ndiye kuti khudza nsambo imeneyo. Koma mizere ndi isanu, nsambo zanga zisanu ndi imodzi."

"Manje wolakwa ndani?"

"Boma lingalakwitse kuwerenga?"

Anamasula nsambo yaikulu n'kuibisa m'kabati. Timadontho togwera pakati pa mizere anatiyesa zolakwika za makina osindikizira, n'kumatidumpha.

Lachisanu woyenderayo, a Morris Zgambo, anakhala kutsogolo kwa kalasi, pepala lili m'manja. A Jethro anaimba zala zikuterera ndi thukuta. Zomwe zinatuluka zinali ngati nkhanga zothawa moto wa tchire. Ana anawerama.

A Zgambo anaimirira. Anawerenga mizere ndi cholembera, nawerenganso nsambo imodziimodzi.

"Zisanu, zisanu. Zikugwirizana," anatero, n'kulemba m'lipoti. "Aphunzitsi, luso lotere lisathere ku Kambombo. Pa holide mubwere ku Chama mudzaphunzitse anzanu kuwerenga nyimbo."

A Jethro anawaperekeza panja.

"Kudzakhalanso asisitere a ku mishoni, aja oimba limba," anawonjezera a Zgambo akukwera njinga. "Amakonda mafunso, mudzasangalala nawo."

Holide inali itatsala masabata atatu.