Tsiku Limene Mayi Analola Kujambulidwa

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mumsewu monse ankangowatchula kuti a Dikirani, chifukwa akakuloza ndi kamera mawu awo anali omwewo: "Dikirani, dikirani pang'ono." Umamwetulira mpaka masaya kuwawa, iwo akadapotokolabe galasi.

Ntchito yawo inali yokonza mawotchi, m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Koma mtima wawo unali pa makamera akale a filimu, achitsulo aja olemera ngati mwala, amene anthu anawataya atabwera mafoni. Ankawasaka m'masitolo a katundu wakale, ena adzimbiri, ena onunkha nkhungu, n'kudzawaphwasula patebulo lomwelo la mawotchi. Magalasi ake, amene umatha kumasula lina n'kumangapo lina, ankawasunga m'masokosi otha. Kunena zoona inali misala, kungoti misala yake yaukhondo.

Makamera amenewa ali ndi khalidwe lawolawo. Wojambula sayang'anira m'galasi lojambulira ayi, amasuzumira pa kawindo kena kapambali. Mmenemo munthu amaoneka pawiri, ndiye umapotokola galasi mpaka awiriwo akumane, akhale mmodzi. A Dikirani ankafotokoza zimenezi ngakhale kwa munthu wongobwera kudzasinthitsa batire.

Anajambula aliyense: telala ali ndi singano pakamwa, wometa akuwodzera, ngakhale galu wa eni nyumba. Amene sanamujambulepo ndi mkazi wawo yekha. Mayiwo akangoona kamera ankatembenuka, kapena kubisa nkhope kuseri kwa mbale.

"Nkhope yanga mumaiona tsiku ndi tsiku, ina yachiwiri mukufuna ya chiyani?" ankatero. "Pitani mukajambule ndi akazi anu achitsulowo kwina."

Zaka zinapita choncho, mwana wawo wamkazi anakula mpaka kukwatiwa. Kenako mayi anayamba kudwala. Anawonda mpaka mphete kumavuka yokha pachala, ndipo achipatala atawabweza kunyumba, aliyense anamva tanthauzo lake popanda wolinena.

Masana ena mayi anaitana amuna awo. "Bambo, katengeni chinthu chanu chija. Lero ndalola."

A Dikirani anathamangira kukatenga kamera. Anamasula galasi limene linali pa kamera n'kumangapo lina limene anali atangoligula, loyenera nkhope za anthu. Mwana wawo anaveka mayi ake diresi la buluu, anawakhazika pampando pafupi ndi zenera, iye n'kuima pambali pawo atagwira katani kuti kuwala kulowe.

"Bambo, ndijambuleko ndi foni," anatero mwanayo.

"Foni ndi yojambulira malisiti. Mayi ako ndiwajambula ine."

Anasuzumira pa kawindo. Mkazi wawo anaoneka pawiri, anapotokola galasi, anakhala mmodzi. "Dikirani," anatero, ndipo mayi anaphulika kuseka. Chiyambire matenda anali asanasekepo choncho. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu, kenako anakhala phee n'kumangowayang'ana amuna awo. A Dikirani anajambula osapumira mpaka filimu inatha.

Mayi sanakhalitse. Maliro atatha, filimu ija inakhala nthawi yaitali m'thumba la jekete la a Dikirani. Ankaopa kuitsuka, poti isanatsukidwe anali ndi kanthu kodikira. Tsiku limene analimba mtima anadzitsekera m'bafa, anatchinga zenera ndi bulangete, naitsuka okha. Ataikweza pa kuwala, zoyambirira zimene anajambula ndi galasi lakale zinalipo bwinobwino: njinga yotsamira khoma, galu uja akuyasamula. Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto, filimu inali mbee, yopanda ndi chithunzithunzi chomwe.

Sanafunikire wowauza. Galasi latsopano lija analimanga kachivindikiro kake kali pompo. Pa kawindo kapambali munthu umaona zonse, osadziwa kuti kamera yatsinzina. Ndi cholakwa cha ophunzira kumene, chimene iwo omwe ankaseka nacho anzawo.

Mwana wawo anawapeza atakhala pansi m'bafamo, filimu ili pamiyendo, akulira ngati kamwana.

"Mayi ako ndawataya kawiri," anatero. "Koyamba anawatenga matenda. Apa ndawataya ndekha, ndi manja angawa."

Mwanayo anagwada pambali pawo.

"Bambo, amayi anakaona kachivindikiroko. Si anali kutsogolo kwanu? Nanenso ndinakaona. Nditati ndinene, ananditsina."

"Anakutsina?"

"Mutatuluka anandiuza. Anati, 'Asandisunge ndili mafupa okhaokha chonchi. Ine ndimangofuna andiyang'ane nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira zinthu zakezo.'"

A Dikirani anaipinda filimuyo pang'onopang'ono, kuopa kuikanda.

Mawotchi akukonzabe mpaka pano, ngakhale maso ayamba kuwavuta. Makamera ali ndii pashelefu, ndipo telala ndi wometa anapumula kujambulidwa. Filimu yoyera ija anaipachika pazenera la kachipindako. Kasitomala wachilendo akaisuzumira n'kufunsa kuti muli chiyani mmenemo, a Dikirani amaika wotchi pansi, n'kuloza ndi chala chapakatikati.

"Ndi mayi akunyumba," amatero. "Apa akundiseka."