Jekete la Kuseri kwa Chitseko

Ku Nachisaka amawatcha Polofesa, koma a Agustino Chimbalanga eni ake amadziwa kuti ndi aganyu. Amangosiyana ndi olima m'minda ya eni poti iwo kuganyu amapita atamanga tayi. Yunivesite ina yaing'ono kufupi ndi Mponela imawalemba ntchito ya miyezi inayi basi. Temu ikatha amabwerera kumudzi kukakumba mtedza, foni ili m'thumba, kudikira kuti mwina aitanidwanso. Chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo chimene mtima wawo umalira n'chimodzi: kalata ya ntchito yokhazikika.

Phunziro lawo ndi lija losafotokozeka kwa apongozi, filosofi ya fizikisi. Amafunsa ophunzira ngati dzulo likadalipo kwinakwake. Amati minibasi ikanyamuka pa Mponela, Mponela sasungunuka, wachokapo ndiwe. Akatswiri ena amati nthawi nayo ili chomwecho, kotero kuti omwalira akadali pa siteji pomwe tinawasiya. Ophunzira amaseka. A Agustino saseka nawo, chifukwa chitsanzocho si chawo.

N'cha malemu Elifala Chidothi, amene ankaphunzitsa phunziroli kale, mpaka tsiku lomwe anagwa m'kalasi choko chili m'manja. A Agustino anapatsidwa ofesi ya malemuwo, manotsi awo, ndi kalata yoti agwirizire malowo kufikira atapezeka mphunzitsi wokhazikika. Kuseri kwa chitseko, pamsomali, anapezapo jekete lotuwa.

Wina akanangolitaya. Koma kwathu kuno zovala za malemu amagawa ndi abale, ndipo mlendo sazigwira. Jeketelo linakhala pomwepo chaka ndi chaka. Akatseka chitseko, mikono yake inkagwedezeka ngati munthu akukonza malaya. A Agustino ankaliopa, kuliopa zenizeni. Ankaona ngati mwini ntchito weniweni waima kumbuyo kwawo, akuyang'ana munthu wobwereka mpando. Masiku ena ankadzidzimuka atagogoda pa ofesi yawo yomwe.

Chaka chatha kunamveka mphekesera yoti malowo alengezedwa. Akazi awo, a Rejoice, sanazungulire. Anati munthu sangakhazikike m'chipinda chimene mwini wake sanasamuke, akabweze jeketelo kwa eni. Loweruka lina a Agustino analichotsa, n'kuliika m'jumbo, n'kukwera njinga yamoto kulowera kumapiri a Ntchisi.

Mayi Faines, mkazi wa malemu, anawapeza akusenda mtedza pakhonde. Atalonjerana, mayiwo analandira jeketelo ndi manja awiri, nalifungatira. Kenako anapisa m'thumba lam'kati ngati munthu wodziwa chimene akufuna, natulutsa pepala lopindapinda. Anati kalatayi anaifunafuna m'nyumba monse, chifukwa zinzake zonse anazisunga m'sutikesi.

A Agustino anaitambasula. Sanafunike kuiwerenga mpaka pansi, poti mawu ake ankawadziwa pamtima. Miyezi inayi. Kufikira atapezeka mphunzitsi wokhazikika.

"Kodi bambo sanali okhazikika?" anafunsa a Agustino.

"Okhazikika kuti, achimwene?" anayankha mayiwo. "Zaka khumi ndi zisanu. Temu iliyonse ankandiuza kuti ino yokha ndiye malo alengezedwa."

A Agustino anafunsa kuti nanga malemuwo ankagwirizira malo a ndani. Mayi Faines anati sakudziwa, ndipo akukayika ngati amuna awo ankadziwa. Anawanyamulira mtedza m'jumbo lomwe lija, nawaperekeza mpaka pamsewu.

Pobwerera mantha aja sanathe, anangosintha malo. Zaka zonsezi ankaopa mwini mpando, pomwe amene ankagwedezeka kuseri kwa chitseko anali waganyu mnzawo.

Malowo sanalengezedwe. Foni inalira mwezi wa Ogasiti, ndipo a Agustino anapita kukasaina miyezi ina inayi, poti ana ali pasukulu. Atalowa mu ofesi thukuta lili kamukamu, anavula jekete lawo, dzanja n'kupita lokha kumsomali. Koma asanalikoleke, analivalanso.

Chiyambire tsikulo savula jekete pantchito, ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Ophunzira amati Polofesa ndi odzikonda, ndipo iwo sawatsutsa. Chitsanzo cha minibasi amachiphunzitsabe, koma akafika ponena za otsala pa siteji amathamangapo. Msomali uja anayesa kuuzula ndi pulayazi yobwereka, mutu wake n'kuthyoka, chotsalacho n'kukanirira m'thabwa. Chovala chikhoza kukolekekabe.