Tsiku Limene Anaponya Achimwene M'madzi

Dzulo ndinapita kukaona zithunzi zakale zimene kalabu ya opalasa bwato ya pakoleji ya achimwene yapachika pokumbukira mbiri yake. Fungo la matope a mtsinje wa Thames linandibwezera kutali.

Ndinali kamtsikana pamene amayi, atangoweruka kuchipatala ku Romford, ananditenga kukaonera mpikisano. Achimwene a Dalitso anali ochepa thupi, choncho sankapalasa. Ankakhala kumbuyo kwa bwato, kumaliwongolera ndi kulimbikitsa anzawo mokuwa. Bwato lawo litapambana, anyamata aja anawanyamula n'kuwaponya m'madzi, khuvuu!

"Mayo, mwana wanga!" anakuwa amayi. Ine ndinathamanga n'kuluma mmodzi padzanja. Azungu anangofa nalo phwete.

Achimwene anavuuka akunjenjemera, mano akugundana. "Amayi, musandichititse manyazi. Ndi mwambo wawo, umenewu ndi ulemu."

Chithunzi cha tsikulo ndinachipeza dzulo. Opalasa onse mayina awo alembedwa m'munsi. Achimwene ali pakati pawo, atanyowa, akumwetulira, koma angowalemba kuti "wowongolera". Achimwene ankasasa mawu pokuwira anthu amenewa zaka zonse zija, ndiye palibe ndi mmodzi yemwe wakumbuka dzina lawo.

Ulemu wake umenewo? Ndikanadziwa, ndikanaluma onse.